Chifukwa chiyani makina a fotokope amakana ndalama koma amalola pasipoti?

Funso ili limangobwerabwera. Mphunzitsi akufuna kuonetsa ana maonekedwe a ndalama, kapena wokonza zotsatsa malonda akufuna chithunzi cha ndalama pa positala yake. Waika ndalama ya pepala pagalasi la sikana, wadina batani. M'malo motulutsa chithunzi makina angolira n'kuima, kapena atulutsa pepala lothimbirira, kapena pakompyuta patuluka uthenga wakuti pulogalamuyi siilola kusindikiza zithunzi za ndalama. Ambiri amayamba aganiza kuti makina afa.

Amene amapita kukafufuza m'kabuku ka malangizo kobwera ndi makinawo amapeza tsamba lomwe sanaliwerengepo chigulireni. Tsambalo limachenjeza kuti kukopera zinthu zina kungakhale kuphwanya lamulo, ndipo limatchula ndalama za pepala, macheke, masitampa a positi, zikalata za masheya, mabaji a ogwira ntchito m'boma, ziphaso zoyendetsera galimoto, mapasipoti ndi zikalata zolowera m'dziko. Apa ndiye mutu umaima, poti munthu yemweyo dzulo lake banki inamuuza kuti abweretse fotokope ya pasipoti. Kodi bankiyo ikumutuma kukapalamula?

Ayi. Tsamba lija linalembedwa ndi kampani yomwe imagulitsa makina ake m'maiko ambirimbiri, ndipo pofuna kudziteteza inaunjika pamodzi zinthu zimene malamulo amazitenga mosiyana kwambiri. Kuti nkhaniyi imveke tiyenera kuzipatula.

Chimene lamulo limayang'ana

Lamulo lilibe nazo ntchito kwenikweni zakuti mwagwiritsa ntchito sikana, kamera ya foni kapena pensulo. Chimene limafunsa n'chakuti: kodi chomwe mwapangachi chingalowe m'malo mwa chenichenicho, munthu wina n'kupusitsika nacho?

Taganizirani za kiyi. Chithunzi cha kiyi sichitsegula chitseko, koma kiyi wodulitsa amatsegula. Fotokope yabwino ya ndalama ili ngati kiyi wodulitsa. Ndalama ilibe dzina la mwini wake. Amene waigwira ndiye mwini, ndipo wolandira safunsa kuti mwaitenga kuti. Pepala lofanana nayo limagwira ntchito ngati ndalama mpaka tsiku limene lidzagwidwe, ndipo likagwidwa woluza ndi amene lamuthera m'manja, chifukwa mabanki sasinthira munthu ndalama yabodza. Fotokope ya pasipoti ili ngati chithunzi cha kiyi. Simungaoloke nayo malire a dziko, koma munthu wodziwa ntchito yake akaiona ali ndi zonse zomuyenereza kukadulitsa kiyi: dzina lanu, tsiku lobadwa, nambala, nkhope, siginecha.

N'chifukwa chake pa ndalama maiko ambiri ali ndi milandu iwiri. Woyamba ndi umene aliyense amaudziwa, wopanga ndalama zabodza n'cholinga chakuti zikagwire ntchito ngati zenizeni. Umenewu ndi mlandu waukulu: ku United States chilango chake chimafika zaka 20 kundende, ku Britain zaka 10, ndipo ku Japan chimayambira pa zaka zitatu mpaka kukhala m'ndende moyo wonse. Wachiwiri ndi umene umadzidzimutsa anthu, wongopanga chinthu chofanana kwambiri ndi ndalama, ngakhale mulibe maganizo akuba m'pang'ono pomwe. Maganizo a opanga malamulo ndi akuti pepala likachoka m'manja mwa wolipanga silinyamula cholinga chake. Inu munalipanga kuti museketse anzanu, koma wolitola mawa alibe nthabwala.

Pa ziphaso, kukopera pakokha nthawi zambiri si mlandu. Mlandu umabwera pa zimene mwachita nalo kopelo, pa chilolezo cha mwini wake, ndi pa mmene mwalisungira.

Mmene tinafikira pano

Maboma akhala akuopa ndalama zabodza kuyambira pomwe ndalama zinayamba. Ndalama za pepala za ku China za m'nthawi ya mafumu a Ming, zomwe zinayamba kutuluka m'chaka cha 1375, zinali ndi mawu osindikizidwa pomwepo akuti wopanga zabodza adzadulidwa mutu ndipo womuulula adzapatsidwa mphoto. Isaac Newton, yemwe ana asukulu amamudziwa ndi za sayansi, anapatsidwa udindo woyang'anira malo osulira ndalama ku London mu 1696, ndipo anathera zaka akusaka anthu achinyengo. Mmodzi wa iwo, William Chaloner, ananyongedwa mu 1699. Bungwe la Secret Service la ku United States, lomwe lero limatchuka ndi kulondera pulezidenti, linakhazikitsidwa mu 1865 kuti lilimbane ndi ndalama zabodza, za pulezidentizo zinabwera pambuyo.

Mfundo imodzi ya m'mbiriyi ikugwirabe ntchito lero. Chakumapeto kwa 1925 anthu ena a ku Hungary, ena mwa iwo akuluakulu odziwika, anagwidwa akufalitsa ndalama zabodza za dziko la France. Nkhaniyi inachititsa kuti mu 1929 maiko asainirane pangano ku Geneva lolimbana ndi ndalama zabodza. Panganolo limanena kuti dziko lisasiyanitse chilango pakati pa wopanga ndalama zabodza za dzikolo ndi wopanga za dziko lina. Choncho maganizo akuti "ine ndakopera ndalama zakunja, kuno sizikhudza" ndi osathandiza.

Kwa zaka mazana ambiri chinyengo chimenechi chinkafuna luso. Pankafunika mmisiri wogoba zithunzi pachitsulo, makina olemera, pepala lapadera ndi miyezi yambiri. Kufala kwa makina a fotokope ya kala m'zaka za m'ma 1980, kenako masikana ndi mapulinta otsika mtengo m'zaka za m'ma 1990, kunasintha zonse. Mdani wa banki yaikulu sanalinso mmisiri mmodzi wobisala, koma aliyense wotsala yekha muofesi madzulo n'kuyesedwa kuti angoona ngati zingatheke. Anthu otere sangathe kugwidwa onse. Mabanki anaona kuti ndi bwino kuphunzitsa makinawo kukana.

Makina amadziwa bwanji kuti iyi ndi ndalama?

Mu 2002 katswiri wa makompyuta wa pa yunivesite ya Cambridge, Markus Kuhn, anali kuyesa makina a fotokope ya kala a Xerox omwe ankakana ndalama. Anayamba kufufuza kuti adziwe chomwe makinawo akuona. Anapeza timizere tozungulira tisanu, tating'ono ngati milimita imodzi, toyalidwa mwa dongosolo lina lake ndipo tobwerezedwa kangapo pa ndalama ya 10 euro. Anatitcha EURion, kuphatikiza dzina la ndalama ya euro ndi la gulu la nyenyezi la Orion, lija ena amati Akamwiniatsatana, chifukwa kayalidwe kake kamafananako. Pambuyo pake zinadziwika kuti luso limeneli linachokera ku kampani ya ku Japan ya Omron, ndipo linali litayamba kale kuikidwa pa ndalama chapakati pa zaka za m'ma 1990 popanda kulengeza.

Okonza ndalama amatibisa mochenjera timizereti. Kumbuyo kwa ndalama ya madola 20 ya ku United States kuli timanambala 20 tachikasu tomwazikana ngati zokongoletsera. Maziro a timanambalato ndiwo chizindikirocho. Pa ndalama yakale ya mapaundi 20 ya ku Britain, yomwe inali ndi nkhope ya woimba Edward Elgar, anatisandutsa timitu ta manotsi a nyimbo. Maso a munthu amangoona zokongola, makina amaona lamulo lakuti ima.

Pali chotchinga chachiwiri, cha m'mapulogalamu a pakompyuta. Mabanki akuluakulu a maiko oposa 30 ali m'gulu lotchedwa Central Bank Counterfeit Deterrence Group, lomwe linakonza kachipangizo ka m'pulogalamu kozindikira ndalama n'kukapereka kwa makampani. Kumayambiriro kwa 2004 ogwiritsa ntchito Adobe Photoshop CS anadabwa kuona kuti pulogalamu yatsopanoyo ikukana kutsegula zithunzi za ndalama, ndipo kampaniyo inavomera kuti inaikamo kachipangizoko. Wofufuza wina wa ku Cambridge, Steven Murdoch, anaonetsa kuti pulogalamuyi sidalira timizere tisanu tija. Imazindikira chizindikiro china chobisika m'kapangidwe ka chithunzi chonse, chokonzedwa ndi kampani ya Digimarc. Mungaphimbe timizere tonse, pulogalamuyo n'kukanabe.

Chachitatu sichikana kanthu, chimangosiya mapazi. Mapulinta ambiri a kala amtundu wa laser amadontheza timadontho tachikasu tosaoneka ndi maso papepala lililonse lomwe asindikiza. Mu 2005 bungwe la Electronic Frontier Foundation linamasulira timadontho ta makina a Xerox DocuColor, n'kupeza kuti timanena nambala ya makinawo, tsiku ndi nthawi imene pepalalo linasindikizidwa. Mukaunika ndi nyali yabuluu timaoneka.

Pano pali posokonekera. Kukana kwa makina si chigamulo cha khoti. Makina amatha kukana ntchito yololedwa ndi lamulo, monga chithunzi chachikulu cha m'buku la ana asukulu. Amathanso kulola ntchito yoletsedwa, chifukwa si makina onse omwe ali ndi zotchingazi, si ndalama zonse zomwe zili ndi zizindikirozi, ndipo kamera ya foni imajambula chilichonse. Kunena kuti "makina anandilola" sikungakupulumutseni pamaso pa woweruza.

Chithunzi cha ndalama chololedwa chimaoneka bwanji?

Nyuzipepala, mabuku ndi otsatsa malonda amasindikiza zithunzi za ndalama tsiku ndi tsiku, ndiye kuti njira ilipo. Malire ake ndi amene amasiyana dziko ndi dziko, ngakhale nzeru yake ndi imodzi: chithunzicho chikhale chakuti ngakhale munthu wotopa, wolandira ndalama mumdima, sangachisokoneze ndi ndalama.

Ku United States lamulo la 1992 limalola chithunzi cha kala ngati chakwaniritsa zinthu zitatu. Kukula kwake kuchepere magawo atatu mwa anayi a ndalama yeniyeni, kapena kupitirire kamodzi ndi theka. Chisindikizidwe mbali imodzi yokha. Ndipo ntchito ikatha, mafayilo ndi zipangizo zonse zomwe munagwiritsa ntchito ziwonongedwe kapena kufufutidwa. Ndalama ya dola ndi yaitali masentimita 15.6, choncho chithunzi chanu chiyenera kuchepera 11.7 kapena kupitirira 23.4. Mfundo yachitatu ija ndi imene ambiri amaiwala: fayilo yotsalira m'kompyuta.

Banki yaikulu ya maiko ogwiritsa ntchito euro ili ndi miyezo yakeyake. Chithunzi cha mbali imodzi chikhale chosachepera 125 peresenti kapena chosapitirira 75 peresenti ya utali ndi mulifupi wa ndalamayo. Cha mbali zonse ziwiri chikhale chachikulu kawiri kapena kupitirira, apo ayi theka kapena kucheperapo. Pa zithunzi zoika pa intaneti pomwe aliyense angazitenge, payenera kulembedwa mopingasa mawu akuti SPECIMEN, kutanthauza chitsanzo chabe, ndipo chithunzicho chisapitirire timadontho 72 pa inchi imodzi. Chithunzi chotere chimaoneka bwino pa sikirini koma mukachisindikiza chimatuluka chosamveka, poti osindikiza magazini amafuna timadontho pafupifupi 300.

Britain ndiye imayambira kwina. Lamulo lake la 1981 limati ndi mlandu kukopera ndalama ya pepala ya dzikolo, kapena kagawo kake chabe, pa chinthu chilichonse, kaya mwakulitsa kaya mwachepetsa, popanda chilolezo cholembedwa cha banki yotulutsa ndalamayo. Chilango chake ndi chindapusa. Bank of England inafewetsa zinthu pofalitsa mfundo zomwe munthu akazitsata amatengedwa kuti waloledwa, koma maziko ake ndi omwewo: kumeneko mumayambira poletsedwa, chilolezo n'kubwera pambuyo.

Palinso nkhani ya umwini wa chithunzicho, umene pa Chingerezi amati copyright, ufulu wa amene anajambula kapena kulemba chinthu woletsa ena kuchikopera. Maonekedwe a ndalama za euro ndi za Bank of England ali ndi eni ake mwa lamulo limeneli, ndipo kachizindikiro kake kanasindikizidwa pa ndalamapo. Chithunzi chingathe kupambana mayeso a kukula koma n'kukanidwabe chifukwa chaikidwa pamalo amene bankiyo ikuona kuti akunyozetsa ndalama yake.

Amisiri awiri, zigamulo ziwiri

Malire amenewa amaoneka bwino pa milandu ya anthu omwe aliyense ankadziwa kuti si akuba.

Mu 1963 mmisiri wa zojambula wa ku Japan, Genpei Akasegawa, anasindikizitsa zithunzi za ndalama ya 1,000 yen, za mbali imodzi ndi mtundu umodzi, zina n'kuzigwiritsa ntchito ngati makadi oitanira anthu ku chionetsero chake. Palibe amene anagula nazo kanthu. Boma linamuzenga mlandu pogwiritsa ntchito lamulo lakalekale la 1895 loletsa kupanga zinthu zofanana ndi ndalama, lomwe silifunsa za cholinga. Anzake amisiri anadzaza khoti kudzachitira umboni kuti izi ndi zaluso. Mu 1967 anapezeka wolakwa, napatsidwa chilango cha miyezi itatu chomwe anachiimika, ndipo khoti lalikulu linagwirizana ndi chigamulocho mu 1970.

J.S.G. Boggs wa ku United States ankajambula ndalama pamanja, mbali imodzi, n'kumazipereka polipira zinthu. Sankanama: ankauza wogulitsa kuti ichi ndi chojambula changa, ngati mukufuna chilandireni pa mtengo umene ndalembapo, mundipatse chenje ndi lisiti. Ena ankavomera. Mu 1986 apolisi anamugwira ku London chifukwa cha zithunzi za mapaundi, ndipo mu 1987 mlandu wake unazengedwa ku khoti la Old Bailey pa lamulo lija la 1981. Gulu la anthu wamba othandiza kuweruza linamupeza wosalakwa.

Kwa ine chochititsa chidwi n'chakuti pa awiriwa, amene ankalipiradi zinthu ndi zojambula zake ndiye anamasulidwa, pomwe amene sanagule nazo kalikonse ndiye anapezeka wolakwa. Mayankho a malamulo amenewa amadalira dziko, nthawi, ndi amene akhala pampando woweruza.

Atolankhani nawo anagundapo mutu. Mu 1981 magazini ya zamasewera ya Sports Illustrated inaika pachikuto chithunzi cha kala cha ndalama za madola 100 zikuthiridwa mu neti ya basketball. Nthawi imeneyo lamulo linkafuna kuti zithunzi zotere zikhale zakuda ndi zoyera, za kukula kovomerezeka, komanso zikhale ndi cholinga chovomerezeka monga maphunziro, mbiri kapena nkhani. Eni magaziniyo anapita kukhoti. Mu 1984 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma lilibe mphamvu yosankha kuti uthenga uti ndi woyenera, choncho mfundo ya cholinga inagwa, koma za kukula ndi mtundu zinatsala.

Opanga mafilimu ali pakati pa moto womwewu. Amafuna ndalama zooneka zenizeni pa kamera, koma zikafanana kwambiri zimakhala mlandu. Ndalama za m'mafilimu zimalembedwa mawu onena kuti ndi za filimu zokha, komabe apolisi m'maiko angapo akhala akuzipeza zitalowa m'masitolo, chifukwa wolandira ndalama mothamanga amayang'ana mtundu ndi nambala, sawerenga mawu.

Chimene fotokope singatole

Ngakhale makina atalola, chotulukacho chimakhala chikomekome cha nkhuyu. Sikana imatola kuwala kobwerera kuchokera pamwamba pa pepala, basi. Singatole nkhope yobisika m'kati mwa pepala yomwe imaoneka mukaloza ndalama kudzuwa, kapena ulusi wachitetezo wolukidwira m'katimo. Singatole kukhakhala kwa inki yotukuka, yomwe imadindidwa ndi mphamvu yaikulu moti chala chimaimva. Inki yosintha mtundu mukapendeketsa imatuluka ya mtundu umodzi, ndipo timalemba tating'onoting'ono timasanduka mzere wofufuma. Pepala lenilenilo si la mitengo ngati la muofesi; la dola ndi thonje magawo 75 pa 100 ndi nsalu ya linen magawo 25. Australia, itavutika ndi ndalama zabodza za madola 10 zomwe zinatuluka mu 1966, chaka chomwe inasintha ndalama zake, inayamba kufufuza ndalama za pulasitiki n'kutulutsa yoyamba mu 1988. Ndalama zotere zimakhala ndi kazenera koonekera mbali zonse, ndipo palibe pulinta ya muofesi yomwe ingasindikize kuonekera.

Pasipoti, ziphaso ndi masatifiketi

Tsopano tibwerere ku banki ija. Mabanki amapempha makope a ziphaso chifukwa malamulo olimbana ndi kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo amawakakamiza kudziwa kasitomala wawo. Mfundo zimenezi zimachokera ku bungwe la maiko la Financial Action Task Force, lomwe linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo zimafuna kuti zolemba zotere zisungidwe zaka zosachepera zisanu. Maboma ambiri amalangizanso nzika zawo kuti popita kunja azinyamula fotokope ya pasipoti payokha, kuti yeniyeniyo ikatayika ntchito ya ku ofesi ya kazembe ifulumire. Kukopera pasipoti yanu pa zifukwa zotere si mlandu pafupifupi kulikonse.

Komabe pali zikalata zina zomwe maiko ena anazitchula mayina. Ku United States lamulo limaletsa kujambula kapena kukopera mabaji ndi makadi a ogwira ntchito m'boma lalikulu, kuphatikizapo makadi a asilikali, kupatula pomwe malamulo alola, monga kuchipatala pofuna kulipiritsa inshuwalansi. Satifiketi yopatsidwa munthu amene walandira unzika wa dzikolo nayonso lamulo limaletsa kuikopera popanda chifukwa chovomerezeka, ngakhale ofesi yoona za olowa m'dziko imalandira makope ake pa ntchito zake. Chifukwa chake n'chomveka. Baji imagwira ntchito ngati yunifolomu, mlonda wa pageti amangoiona patali n'kutsegula.

Germany inayenda njira ina. Kuyambira 2017 lamulo lake limanena kuti chiphaso cha nzika chingakopedwe ndi mwini wake yekha, kapena ndi munthu wina mwini wakeyo atalola. Kopelo lioneke poyera kuti ndi kope. Ndipo wolilandira asalipereke kwa wina. Boma la Netherlands linafika popanga pulogalamu ya pafoni yotchedwa KopieID, yomwe imathandiza munthu kufufuta nambala yake ya unzika pa kope n'kulembapo mopingasa kuti laperekedwa kwa yani, liti, ndi chifukwa chanji. Pamwamba pa izi, lamulo la European Union loteteza zinsinsi za anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mu May 2018, limafuna kuti kampani itenge zokhazo zomwe ikufunikiradi. Kuona chiphaso n'kutsimikiza kuti munthu ndi yemweyo ndi chinthu china, kusunga chithunzi chake m'kompyuta zaka ndi zaka ndi chinanso.

Mukuona kuti apa lamulo latembenuka. Pa ndalama limateteza anthu onse kwa wokopera. Pa chiphaso limateteza mwini chiphasocho kwa wosunga kope. M'munsi mwa tsamba la chithunzi la pasipoti muli mizere iwiri ya zilembo 44 uliwonse, yokonzedwa motsatira muyezo wa bungwe la maiko loona za ndege la ICAO kuti makina aziiwerenga. M'mizere imeneyo muli dzina, nambala ya pasipoti, dziko, tsiku lobadwa ndi tsiku lothera. Mapasipoti amakono, kuyambira ndi a Malaysia mu 1998, ali ndi kachipangizo kamagetsi m'kati komwe fotokope singakatole, n'chifukwa chake kope silingakuolotseni pa bwalo la ndege. Koma malo ambiri a pa intaneti amatsegulira munthu akaunti kapena kumukongoza ndalama atangoona chithunzi cha chiphaso. Kwa wakuba wa mtundu umenewu chithunzi cha kiyi chija chakwana.

Nanga kope lotsimikizika n'chiyani? Ndi fotokope yomwe munthu wopatsidwa mphamvu ndi lamulo, monga loya kapena woweruza, waiyerekeza ndi chikalata chenicheni n'kudindapo chidindo ndi kusaina. Chidindocho chimanena chinthu chimodzi chokha, chakuti kopeli likufanana ndi pepala limene ndaonetsedwa. Sichinena kuti zolembedwa m'pepalalo ndi zoona. Chimodzimodzi chidindo chotchedwa apostille, chomwe chinabwera ndi pangano la ku The Hague la 1961 ndipo maiko oposa 120 amachivomereza: chimatsimikiza kuti siginecha ndi chidindo cha pa chikalatacho ndi za ofesi yeniyeni, osati kuti digiriyo munaikhetsera thukuta.

Zikalata zina zimadziteteza zokha. Macheke, masatifiketi a sukulu ndi mapepala ena a mankhwala amasindikizidwa pa pepala lokhala ndi timadontho ta misinkhu iwiri, tatikuluko ndi tating'ono kwambiri, toyalidwa moti maso amaona mtundu umodzi wosalala. Makina a fotokope amatola tatikulu n'kuphonya tating'ono, ndipo mwadzidzidzi pakope pamatuluka mawu aakulu akuti VOID kapena COPY, kutanthauza kuti ndi lopanda ntchito kapena ndi kope chabe. Kutuluka kwa mawuwo sikutanthauza kuti mwapalamula. Pepalalo langodziulula.

Mlandu weniweni pa zikalata umayamba pomwe kope lasinthidwa kapena laperekedwa ngati chenicheni. Kusikana satifiketi n'kusintha giredi, kusuntha tsiku pa kalata ya dokotala, kudula siginecha ya bwana pa kalata ina n'kuimata pa ina, kukweza nambala pa sitetimenti ya kubanki pofunsira visa, zonsezi ndi chinyengo cha zikalata, ndipo zilibe kanthu kuti zachitikira pa sikirini popanda pepala lililonse. Lamulo la Britain la 1981 lija lili ndi mlandu wapadera wa kukopera chikalata chomwe mukudziwa kuti ndi chabodza n'cholinga chakuti wina achikhulupirire. Ndipo mlandu suola; satifiketi yosinthidwa imatha kutulukira munthu atagwira ntchito zaka khumi.

Masitampa a positi ali pafupi ndi ndalama, poti sitampa yosadindidwa ndi malipiro olipiriratu ndipo ilibe dzina. United States imaikira zithunzi za kala za masitampa osadindidwa malire a kukula ofanana ndi a ndalama. Kampani ya positi ya ku Britain, Royal Mail, inayamba kuika kachizindikiro kowerengedwa ndi makina pa sitampa iliyonse ya tsiku ndi tsiku mu 2022, kuti iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake ndipo yokopedwa izidziwika.

Pomwe anthu sagwirizana

Mabanki akuluakulu amati zotchinga za m'makina zimapulumutsa anthu wamba ku ndalama zabodza, zimapulumutsanso achinyamata ku mlandu womwe akanaupalamula mwachibwana. Amavomereza kuti sizingaletse magulu aakulu aumbanda okhala ndi makina awoawo, koma amati cholinga sichinali chimenecho.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo. Ojambula ndi ofufuza mbiri ya ndalama amadandaula kuti chipangizo chimene anagula ndi ndalama zawo chikuwakaniza ntchito yomwe lamulo likulola. Omenyera ufulu wa zinsinsi amaloza timadontho tachikasu tija: tinaikidwa popanda kuuza ogula, ndipo sitisiyanitsa pakati pa ndalama yabodza ndi kalata ya munthu woulula katangale mosadzitchula. Olemba mapulogalamu omwe aliyense amaloledwa kuona m'kati mwake amati sangaikemo kachipangizo kotsekedwa komwe sakudziwa kuti kamachita chiyani, n'chifukwa chake mapulogalamu otere nthawi zambiri amatsegula zithunzi za ndalama popanda vuto. Pa ziphaso mkangano ndi wa malamulo awiri okokana, lina louza mabungwe kuti adziwe makasitomala awo n'kusunga umboni, lina lowauza kuti asamaunjike zinsinsi za anthu zomwe tsiku lina akuba a pa intaneti adzazikokolola nthawi imodzi.

Mphunzitsi uja tinayamba naye safunikira kulimbana ndi sikana. Mabanki akuluakulu ambiri amaika okha pa intaneti zithunzi za ndalama zawo zokonzedwa kale, zolembedwa SPECIMEN, pamodzi ndi mfundo za kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo gulu la mabanki lija lili ndi tsamba lotchedwa rulesforuse.org lomwe limasonkhanitsa malamulo a ndalama zosiyanasiyana. Uthenga womwe umatuluka pakompyuta pulogalamu ikakana chithunzi cha ndalama kawirikawiri umaloza ku tsamba lomwelo.